Mayi woyamwitsa tisamusiye yekha

Ku Goliati ndi m'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo, amayi ena akuyambitsa makanda phala asanakwane miyezi 6, ati mkaka wa m'mawere sukukwanira.

Mlanduwu suli pa mayi yekha. Lamulo limamupatsa tchuthi cha masabata 8 basi. Akabwerera kuntchito, dengu lili kumsana kuyambira m'mamawa, iye akuthyola tiyi, khanda lili kwa agogo. Bere likapanda kuyamwidwa pafupipafupi mkaka umachepadi, ndiye zimene ankaopa zija zimachitika. Apa olemba ntchito ndiwo ali ndi gawo lalikulu, ndipo sangalizembe.

Kusikelo nako kukweza mwana pa sikelo ndi kulemba m'buku sikukwanira. Mayi amafuna namwino womuyang'ana mmene mwana wagwirira bere, n'kumuuza kuti akuchita bwino. Nanga kunyumba? Apongozi kapena abambo akangoti "mwanayu akulira njala", mtima wa mayi umagweratu.

Tiumirire kuti m'minda mukhale malo ndi nthawi yoyamwitsira popanda kudula malipiro, anamwino akhale pansi ndi mayi aliyense, ndipo ife apabanja timutungire madzi ndi kumutolera nkhuni mpaka miyezi 6 ikwane.