Tisaope chigoba, timvetsere mawu

Ku Sweden kuli gulu loimba lotchedwa Ghost, limene mtsogoleri wake amakwera pansanja atavala ngati papa, nkhope ataipenta ngati chibade cha munthu wakufa. Anzake oimba magitala ndi ng'oma amabisa nkhope m'zigoba ndipo satchulidwa mayina. Ambiri a ife sitinaonepo chimbale chawo, koma nyimbo yawo ya "Mary on a Cross" inafala kwambiri pa TikTok m'chaka cha 2022, ndipo kachidutswa kake kanalowa m'mafoni a anthu amene sankadziwa n'komwe kuti oimba ake ndani. Foni ilibe mpanda. Zimene zili m'kamwam'kamwa ku London zimafikanso kuno ku Makwasa, pakati pa minda ya tiyi.

Nkhani yotere ikabuka pakati pa Akhristu, timagawanika pawiri. Ena amati ndi nyimbo chabe, palibe chodandaulitsa. Ena amati oimba otere amamwa magazi, ndipo aliyense wopezeka ndi nyimbo yawo walowa kale za satana. Maganizo anga ndi akuti mbali zonse ziwiri zaimira pa chigoba, osayang'ana chimene chili kuseri kwake. Nyimbo za Ghost siziyenera kukhala m'foni ya Mkhristu, koma chifukwa chozikanira chikhale choona, chakuti tikhoza kuchinena poyera popanda kunamizira munthu.

Tiyambe ndi zimene zimadziwika. Gululi linayamba m'chaka cha 2006 mumzinda wa Linköping, ndipo mwini wake ndi Tobias Forge. Chimbale choyamba, Opus Eponymous, chinatuluka mu 2010, kenako Infestissumam mu 2013, Meliora mu 2015, Prequelle mu 2018, Impera mu 2022 ndi Skeletá mu 2025. Mu 2016 anapata mphoto ya Grammy ndi nyimbo ya "Cirice". Pa zimbale zitatu zoyambirira ankalengeza kuti papa wakale wachoka, wabwera watsopano: Papa Emeritus woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pambuyo pake kunabwera wina wotchedwa Cardinal Copia. Koma onsewa anali munthu mmodzi yemweyo, Forge, akungosintha zovala ndi nkhope.

Chinsinsi chimenechi sichinaululidwe ndi mneneri kapena wogwidwa ziwanda. Chinaululika chifukwa cha ndalama. Mu 2017 anthu anayi amene ankaimba m'gululi anasumira Forge kukhoti, ponena kuti sanawagawire bwino phindu, ndipo dzina lake linalembedwa m'zikalata za mlandu. Khoti linakana dandaulo lawo mu 2018. M'chaka chomwecho gululi linapanga sewero loti apapa atatu aja aphedwa, ndipo zidole zooneka ngati mitembo yawo zinkaonetsedwa kwa anthu ogula matikiti okwera mtengo. Kuseri kwa chigoba kuli munthu wamalonda amene anazindikira kuti mantha ali ndi msika. Tikamafalitsa nthano zoopsa zokhudza gululi, tikumuchitira ntchito yotsatsa malonda popanda malipiro.

Kodi ndiye kuti amene amati ndi sewero chabe akunena zoona? Ayi. Sewero limakhala ndi mawu, ndipo mawuwo ndi amene tiyenera kuweruza. M'chimbale choyamba muli nyimbo imene mutu wake womwe ndi pemphero kwa Satana. Infestissumam chimakondwerera kubwera kwa wokana Khristu, ndipo nyimbo ya "Year Zero" imayamba ndi kwaya yotchula mayina a ziwanda. Nyimbo ya "He Is" ya mu Meliora ndi yofatsa ndi yokoma, moti munthu wosatchera khutu akhoza kuiyesa nyimbo yachitamando, koma wotamandidwayo si Yesu. Ngakhale zoimbaimba zawo amazitchula ndi dzina la mwambo wachipembedzo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife Aadventisti tiyenera kumvetsa msanga chifukwa chake zimenezi si zazing'ono. Ndife anthu okula ndi nyimbo. Ambiri a ife tinaloweza za m'buku la Khristu mu Nyimbo tisanadziwe kuwerenga, ndipo mpaka lero zimatulukira zokha pakamwa tikamachapa kapena tikamadikira minibasi ya ku Limbe. Nyimbo imalowa mumtima popanda kugogoda. Ngati timakhulupirira kuti nyimbo ya pa Sabata m'mawa imaumba munthu, sitinganene kuti ya Lachiwiri usiku ilibe mphamvu. Woimbayo akhoza kukhala kuti akungochita sewero, koma pakamwa pobwereza mawuwo ndi pathu. Muyeso wa pa Afilipi 4:8 ndi wokwanira kuti tizichotse, osafunikira kuwonjezerapo bodza.

Pali msampha wina umene ungakole ife makamaka. Popeza mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chake chokhudza upapa, wina akhoza kuganiza kuti gulu lonyoza papa lili mbali yathu. Kumeneko n'kudzinamiza. Ghost inasankha zovala za Akatolika chifukwa zimadziwika dziko lonse ndipo zimaoneka bwino pansanja. Chimene ikuseka ndi kugwada pamaso pa Mulungu, ndipo ifenso timagwada. Komanso kusiyana pa chiphunzitso si chilolezo chosekera limodzi ndi onyoza. M'mawodi a chipatala cha Malamulo mumagona Akatolika, Asilamu, a CCAP ndi ena osapemphera. Wophunzira amene wazolowera kuseka zopatulika za anzake sadzawasamalira ndi ulemu wokwanira.

Koma tisatayenso zonse mudengu limodzi. Mtundu wa nyimbo wa heavy metal sunachokere kumanda. Unabadwira ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, kumene gulu la Black Sabbath linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1970. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, makina odulira zitsulo anamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17. Kuti apitirize kuimba anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzala, ndipo pambuyo pake anamasulako nsambo za gitala kuti zisamamupweteke. Kumasula nsamboko kunathandiza kubweretsa kulira kolemera kumene anthu ena amati ndi kwa ziwanda. Aliyense amene anaonapo dzanja la munthu wovulazidwa ndi makina kufakitale ya tiyi akhoza kuimvetsa nkhaniyi. Dzina la gululi limatinyansa ife osunga Sabata, ndipo n'zomveka, koma analitenga ku filimu yoopsa ya mu 1963. Nyimbo yawo ya "War Pigs" imadzudzula oyambitsa nkhondo, ndipo "After Forever" ya mu 1971 imaikira kumbuyo kukhulupirira Mulungu. Ku America kuli gulu la Stryper, loimba metal yachikhristu, limene limadziwika ndi kuponyera anthu Mabaibulo pa zoimbaimba zake.

Ngakhale kwa anansi athu ku Zambia gitala waphokoso si mlendo. M'zaka za m'ma 1970 Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family ankaimba mu Chinyanja ndi Chingerezi za moyo wa m'makomboni a Lusaka, ndipo chimbale chawo cha mu 1976 chimatchedwa Day of Judgement. Kunalinso gulu la WITCH, limene dzina lake likhoza kuthawitsa munthu, chonsecho ndi chidule chabe cha mawu achingerezi onena kuti akufuna kuyambitsa chipwirikiti pansanja. Woimba wawo, Jagari Chanda, pambuyo pake anadzakhala Mkhristu wodzipereka. Munthu woweruza ndi dzina kapena phokoso akanatsutsa onsewa, n'kulola "He Is" kulowa chifukwa ndi yofatsa. Apa ndi pamene pakuonekera kuti mantha ndi mlonda wosadalirika.

Wina angafunse kuti, nanga pali vuto lanji kuwonjezera pang'ono ngati cholinga n'kuteteza achinyamata? Anthu a ku Thyolo yankho tikulidziwa. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo mmodzi mwa iwo anali wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Ogwira ntchito zachipatala anali m'gulu la okayikiridwa, ndipo maambulansi ena anagendedwa. Palibe amene anagwidwa ndi magazi opopa, koma maliro anachitika enieni.

Ambiri amene akuwerenga magazini ino mawa adzakhala anamwino, madokotala ndi oyeza magazi mu labotale. Adzalowa m'midzi ndi m'nyumba za antchito a m'maesiteti atanyamula majekeseni ndi timabotolo. Chitetezo chawo chidzadalira anthu amene amafunsa umboni asanatole mwala. Chizolowezi chonena kuti uje ndi wasataniki chifukwa wavala malaya akuda kapena wamveka akumvera gitala wachilendo ndi mbewu yomweyo imene inabala zipatso zowawa mu 2017. Tikaithirira kuhositelo, tidzaikolola kumudzi, ndipo woyamba kugendedwa akhoza kukhala wovala yunifolomu yoyera.

Mishoni yathu inayamba mu 1902, ndipo dzina limene inadzapatsidwa ndi Malamulo. Timadziwika ndi lamulo lachinayi, ndipo n'koyenera kutero. Koma lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, lili pa mwala womwewo. Silinapatule kuti mukhoza kunamizira woimba wa ku Sweden kapena mnzanu wa m'chipinda malinga ngati cholinga chili chabwino. Bodza lonenedwa poteteza choonadi limawononga choonadicho. Wachinyamata amene mwamuopseza ndi nthano ya magazi adzafufuza pa intaneti, adzapeza nkhani ya khoti ndi matikiti, ndipo tsiku limenelo adzasiya kukukhulupirirani ngakhale pa nkhani zina zimene munkanena zoona.

Choncho kwa ophunzira anzanga ndikuti, musanasunge nyimbo kapena kuiika pa kanema wanu, werengani mawu ake onse ndipo mudziwe amene anaiimba. Zimatenga mphindi zochepa kuposa kuonera kanema mmodzi. Mukapeza kuti ikutamanda chimene inu munachikana tsiku la ubatizo, ichotseni, kaya ndi ya metal, amapiano kapena dancehall ya kuno kwathu. Mukaipeza m'foni ya mnzanu, khalani naye pansi muwerengere limodzi mawuwo, musakaifalitse nkhani yake pa WhatsApp.

Kwa abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a achinyamata ndikupempha mwaulemu kuti pa mapulogalamu a Sabata masana mutipatse mpata wofunsa za nyimbo zimenezi popanda kutiyang'ana ndi diso lokayikira. Bwerani ndi mayina, zaka ndi mawu enieni a nyimbozo. Wachinyamata amene waphunzitsidwa kusanthula mawu adzatha kudziteteza ngakhale ali yekha pa ntchito ya usiku kuchipatala chakutali, pamene palibe mbusa womuyang'anira. Amene wangophunzitsidwa kuopa chigoba adzakodwa tsiku limene uthenga womwewo udzabwera ndi nkhope yomwetulira ndi piyano yofatsa.