Zotupa ziwiri m'kapamba si chigamulo cha imfa

Kwathu ndi ku Katete, koma ndinakwatiwa kuno kwa Mukuni, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Alamu anga ndi mmisiri wa ziboliboli. Njovu zambiri za mlombwa zimene alendo amagula pamsika wam'mudzi muno zinatuluka m'manja mwawo. Chaka chatha maso awo anachita chikasu, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka, thupi linkayabwa mpaka ankadzikanda ndi tupa wosalazira mitengo. Lamba anamuboola kawiri. Ife tinati ndi malungo. Ena ankanong'ona za ansanje apamsika. Miyezi itatu inatha choncho, ndipo mlandu umenewo ndi wathu, a pabanja.

Atawajambula ndi makina a CT, panaoneka zotupa ziwiri m'kapamba, chiwalo chobisika kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini ndi madzi ogayira chakudya. Chimodzi chinali kumutu kwa kapambayo, chitapana njira ya ndulu, n'chifukwa chake chikasu chija. Chinacho chinali kumchira. Titangomva kuti ziwiri, tonse tinati basi yafalikira. Apongozi anayamba kulira maliro a munthu wamoyo.

Dokotala wina wachitsikana ndi amene anatikhazika pansi. Anajambula kapamba kuseri kwa envulopu n'kutiuza kuti khansa yofalikira ndi ina, khansa ziwiri zobadwa payokhapayokha m'chiwalo chimodzi ndi zinanso. Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika. Khansa zambiri za m'kapamba, pafupifupi 9 pa 10 zilizonse, zimayambira m'timachubu ta madzi ogayira chakudya, ndipo zimathamanga. Pali ina yoyambira m'maselo opanga mahomoni, imene nthawi zambiri imayenda pang'onopang'ono. Woimba wa ku Italy, Luciano Pavarotti, anamupeza ndi khansa ya kapamba mu 2006, mu 2007 n'kumwalira. Steve Jobs wa kampani ya Apple anali ndi yamahomoni ija, anaipeza mu 2003, ndipo anakhala mpaka 2011. Chiwalo n'chimodzi, matenda ndi osiyana, mankhwalanso ndi osiyana.

Chithunzi chokha sichingatchule motsimikiza dzina la chotupa. Pamafunika kutapa kanyama ka chotupa chilichonse, katswiri akaunike pa maikulosikopu. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chipatala chachikulu cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2007, chili ku Lusaka, makilomita oposa 450 kuchokera kuno ku Livingstone. Ndinakhala pambali pa alamu m'basi tsiku lathunthu, atapinda msana chifukwa ululu wa kapamba umalasa kumsana, atakumbatira thumba la zithunzi ngati khanda. Pa Choma anandifunsa kuti, “Mlamu, kodi tikupita kukachira kapena kukatsanzika?” Ndinawagulira madzi, yankho ndinalibe.

Boma linalengeza kuti limanga zipatala za khansa ku Ndola ndi kuno ku Livingstone. Ndikuyamikira ndi mtima wonse. Pempho langa n'lakuti pomanga asaganize za makoma ndi makina okha. Atipatse akatswiri ounika tinyama tija, okhala konkuno, kuti banja lidziwe m'masabata ochepa kuti likulimbana ndi chiyani. Ndipo azaumoyo a m'makiliniki am'midzi apatsidwe mphamvu zotumiza msanga munthu wamkulu amene wachita chikasu koma thupi silikutentha, amene akuwonda, kapena amene shuga wamuyamba mwadzidzidzi atakula kale. Khansa ya kapamba imapha ambiri chifukwa imapezeka mochedwa. Pa anthu 10 opezeka nayo, amene amakhalabe ndi moyo patapita zaka zisanu amakhala mmodzi chabe, mwina kuposerapo pang'ono.

Za alamu zinapezeka kuti ndi khansa ziwiri zosiyana, ndipo zonse zinali zisanadutse m'kapamba. Madokotala anachotsa kapamba yense. Tsopano amadzibaya insulini tsiku lililonse ndi kumwa mapiritsi ogayira chakudya akamadya nsima. Insuliniyo timasunga mumtsuko wadothi wokwirira mumchenga wonyowa, poti kuno mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Sabata yatha ndinawapeza pansi pa mtengo akunola sompho, pamwendo pali kamvuu kosamaliza.