Buku la nyimbo lidatchinga chipolopolo

Mafilimu olankhula adayamba cha m'ma 1927, ndipo nkhani zambiri ankazitenga m'mabuku. Imodzi mwa iwo ndi The 39 Steps, yomwe Alfred Hitchcock adajambula ku Mangalande mu 1935 kuchokera m'buku lomwe John Buchan adatulutsa mu 1915. M'bukumo mwini nkhani, Richard Hannay, ndi katswiri wa migodi wochokera ku Rhodesia, koma mufilimu adamusandutsa wa ku Canada.

Nkhani yake ikuyenda motere. Mayi wina wothawa adani akubisala m'nyumba ya Hannay ku London, ndipo usiku womwewo akubayidwa ndi mpeni. Asanamwalire akumuchenjeza kuti mkulu wa zigawengazo ndi woduka nsonga ya chala chaching'ono. Apolisi akuti wapha ndi Hannay, iye nkuthawa pa sitima kulowera ku Scotland.

Kumeneko akupempha malo kwa mlimi wina wokonda kupemphera. Mlimiyo akulandira ndalama, koma apolisi atafika mtima wake uli pa mphotho yogwiritsa mlendoyo. Mkazi wake ndiye akumutulutsa mwakachetechete atamuveka jekete la mwamuna wake lopitira ku tchalitchi. Hannay akuthamangira kwa Professor Jordan, munthu wolemekezeka m'deralo, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Jordan akumuonetsa chala choduka chija, kenaka nkumuombera pamtima. Chipolopolo chikuima m'buku la nyimbo lomwe lidali m'thumba la jekete lija. Mayi uja malipiro ake ndi kumenyedwa ndi mwamuna wake.

Anthu a ku Msumba nkhani yotere siyachilendo kwa iwo. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, ambiri a m'mbali mwa nyanja muno adawoloka pa ngalawa kuthawira ku Likoma, ndipo nkhondo yachiweniweni yomwe idatha mu 1992 idathamangitsanso ena. Adafika kwa eni ake alibe kalata, alibe mboni, ena akunamiziridwa milandu. Adapulumuka chifukwa wina adawapatsa mphasa ndi nsima ya kondowole asanafunse zambiri.

Lero alendo akufikabe padoko, ena ndi ogula usipa, ena ofuna ganyu. Ukonde ukasowa, chala chimathamangira kuloza mlendo wosauka, pamene wovala bwino wobwera pa boti la injini amapatsidwa mpando. Filimu ija ikuphunzitsa kuti kavalidwe ndi mapemphero ataliatali sizionetsa mtima wa munthu.

Kusamala nkofunika ndithu, poti m'malire mumadutsa anthu amitundumitundu. Mlendo wokayikitsa apite naye kwa amfumu kapena kupolisi ku Metangula, akafunsidwe bwino. Koma kumumenya kapena kumumana madzi mlandu usanamveke ndi kuiwala kuti makolo a pamudzi pano nawonso adagonapo pakhonde la eni.