Impso za mlimi zitetezedwe zisanafike pa makina

M'mwezi wa May caka ca 2025, maiko a m'bungwe la World Health Organization anakumana ku Geneva ndipo kwa nthawi yoyamba anamanga mfundo yapadera yolimbana ndi matenda a impso. Akatswiri akuti anthu pafupifupi 850 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vutoli. Ife a kumidzi tiichere khutu nkhaniyi, pakuti impso zimaonongeka mwakacetecete, ndipo miyendo ikayamba kutupa nthawi zambiri matenda amakhala atakula kale.

Impso zikaleka nchito, wodwala amaikidwa pa makina osefa magazi, amene madokotala amati dialysis. Kawirikawiri ndi katatu pa sabata, maola anai ulendo uliwonse, mpaka moyo wake wonse kapena kufikira atapatsidwa impso ina. Makinawa ali m'zipatala zazikulu za m'matauni, monga UTH ku Lusaka ndi ku Ndola. Tsono taganizani za mlimi wa ku Chama kapena ku Vubwi. Ngakhale cipatala citamusefa magazi ulele, basi alipira ndani? Agona kuti? Munda alima ndani? Ng'ombe igulitsidwa, kenaka ngolo, kenaka cimanga ca m'nkhokwe. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 m'magazini ya The Lancet Global Health anapeza kuti kuno kum'mwera kwa Sahara, pa akulu 10 alionse oyamba dialysis impso zitaferatu, oposa 8 anasiyira panjira. Ambiri cinawaletsa ndi ndalama.

Kupatsidwa impso ina kulipo: mu 2018 madokotala a pa UTH anacita opaleshoni yoyamba yotere. Ndipo kwa amene amaopa kuti mwina n'chimo, Papa Yohane Paulo Waciwiri anayamikira kupereka ciwalo mwaufulu pamene analankhula kwa madokotala ku Rome mu 2000. Koma mwai umenewu ndi wa anthu ocepa.

Cimene catigwira mtima koposa ndi nkhani ya odula nzimbe a ku Nicaragua ndi El Salvador. Amuna a nyonga zao, opanda shuga kapena BP, akhala akufa ndi impso, kotero kuti mudzi wina pafupi ndi Chichigalpa unachedwa cisumbu ca akazi amasiye. Ofufuza ambiri akuloza cala pa kugwira nchito yakalavulagaga padzuwa loswa mtengo, thukuta lili kamukamu, madzi osamwa. Pa munda wina wa nzimbe atayamba kupatsa anchito madzi, mthunzi ndi nthawi yopuma, ovulala impso anacepa. Ife tikamasosa ndi kugalauza mu October, kapena ana athu akamadula nzimbe ku Mazabuka, dzuwa lake si lomwelo? Ndipo madzulo msana ukawawa timathamangira ku kantemba kukagula brufen kapena diclofenac, mankhwala amene amapweteka impso akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'thupi mukasowa madzi. N'cimodzimodzi zitsamba zosadziwika muyeso wake.

Komabe adani akulu a impso ndi BP ndi shuga. Apa ofufuza abweretsa nkhani yabwino. Mu 2020 kunapezeka kuti mankhwala ochedwa dapagliflozin amacepetsa ndi 39 peresenti ngozi yakuti impso ziipiretu kapena munthu afe nazo kapena ndi mtima. Koma dokotala sangapatse mankhwala munthu amene sanapimidwe. N'cifukwa cake tikuona kuti boma, pogula makina atsopano, lisaiwale timapepala topimira mkodzo ndi makina a BP m'makiliniki a kumidzi, zimene mtengo wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi dialysis ya munthu mmodzi.

Nafenso m'miphakati yathu tili ndi makomiti oyendera odwala. Atsogoleri angathe kupangana ndi anamwino a pa kiliniki kuti Lamulungu lina, Misa ikatha, abwere kudzapima akristu BP ndi shuga mvula isanagwe.