NKHANI ZA PA MGODI: Mwana Wamasiye Amene Mpingo Unamsonkhera

 Sabata ino ndikuuzani mbiri ya Mai Marian Anderson, woimba wakuda wa ku America, cifukwa itikhudza ife ogwira nchito pa malo oopsya.

Maiwa anabadwa pa 27 February 1897 mu mzinda wa Philadelphia. Atate ao anali munthu wosauka, wogulitsa malasha ndi madzi oundana pa siteshoni ya sitima. Kumapeto kwa caka ca 1909 anapwetekedwa m'mutu ali pa nchito, ndipo posacedwa anamwalira, nasiya mkazi ndi ana akazi atatu. Marian anali wa zaka 12. Amace anayamba kucapa zobvala za eni ace ndi kukolopa, kuti ana adye. Nkhani yotere si yacilendo kwa ife.

Koma mwanayu anali ndi mphatso ya mau. Anayamba kuimba m'kwaya ya mpingo wa Union Baptist ali wa zaka 6. Atasinkhuka anakapempha malo pa sukulu ina ya nyimbo, koma anambweza cifukwa ca khungu lace. Pamenepo Akristu anzace anasonkha ndarama zao pang'ono-pang'ono, nalipira mphunzitsi wodziwa, Bambo Giuseppe Boghetti. Mu 1925 anapambana mpikisano waukuru wa kuimba ku New York, ndipo pambuyo pace anakachuka m'maiko a ku Ulaya.

Angakhale anachuka cotero, kwao anamkanizabe makomo. Mu 1939 eni ace a nyumba yaikuru yochedwa Constitution Hall ku Washington anakana kuti munthu wakuda aimbemo. Mai Eleanor Roosevelt, akazi a Pulezidenti, atamva izi anaturuka m'bungwe la eni nyumbayo. Tsono pa 9 April, tsiku la Paskha, Mai Anderson anaimbira pabwalo, patsogolo pa Lincoln Memorial. Anthu 75,000 anasonkhana, ndi ena osawerengeka anamvera pa wailesi. Nyumba imene inawakana sikanatha kulandira khamu lotere.

Opera ndi sewero limene nkhani yace yonse aicita ndi nyimbo, mothandizana ndi gulu lalikuru la zoimbira. Nyumba yomveka ya masewerowa ku New York, Metropolitan Opera, inali isanapatse munthu wakuda mbali yoimba yekha kufikira pa 7 January 1955, pamene Mai Anderson anaimba mbali ya Ulrica m'sewero la Verdi. Anali ndi zaka 57, mphamvu ya mau itayamba kucepa, koma khomo linatsegukira ana a m'mbuyo. Anapuma pa nchito yao mu 1965, namwalira pa 8 April 1993 ali ndi zaka 96.

Tsopano abale, tamverani. Ife alendo m'dziko lino tidziwa kusonkha. Mabungwe athu a maliro salephera: mnzathu akagwa, bokosi lipezeka, galimoto ipezeka, ufa upezeka. Ici ncabwino ndithu. Koma tikabwera ku manda, ana ace awaona ndani? Wina ali ndi mau okoma m'kwaya ya ku Hatcliffe, wina ali ndi mutu wa masamu, ndipo caka cisanathe aleka sukulu cifukwa ca fizi. Akadacita cotero Akristu a ku Philadelphia, dzina la Anderson sitikadalimva.

Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cifukwa cace ndipempha apampando ndi asungi a cuma, kuti pa msonkhano wa kutha kwa mwezi uno muike nkhaniyi pa tebulo: thumba laciwiri, lacing'ono, la sukulu ya ana a anzathu amene anatisiya. Palibe mwa ife adziwa tsiku limene mwana wace adzalifuna.

Tsalani bwino, tidzaonananso sabata ya mawa.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi