Nkhope Si Mphika Woti Nkuukwecha

Pa mzere wa kuchipatala sipasoŵa mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 wodandaula kuti nkhope ikumuyabwa, ikutentha, ndiponso ikuthetheka m'masaya. Akafunsidwa zimene amadzola, amatchula mitundu itatu kapena inayi ya mafuta. Ife tikuti vuto lagona pomwepo. Khungu losachedwa kuyabwa limafuna zinthu zochepa.

Munthu akamakula, mafuta achibadwa a pakhungu amachepa. Kwa amayi izi zimanyanya pamene msambo ukusiya, kaŵirikaŵiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Tikaonjezapo mphepo ya mwera ya mu June ndi July, dzuŵa la mu October ndi utsi wa nkhuni, nkhopeyo yatopa kale. Nanga tiikwechirenji ndi chinkhupule ndi sopo wochapira? Sopo ameneyu anapangidwa kuti asungunule mafuta ndi litsiro m'zovala, ndipo pankhope amachita zomwezo.

M'maŵa, madzi oyera ofunda pang'ono ndi manja anu nzokwanira. Sopo wosambira wosanunkhira agwire kumaso kamodzi patsiku, madzulo. Popukuta musakhule, ingogunditsani nsalu yoyera, kenaka dzolani Vaseline pang'ono khungu lisanaumiretu, pakuti ntchito yake nkutsekera chinyezi kuti chisathaŵe. Popita kumunda valani chipewa cha mlaza. Duku limateteza mutu, koma masaya amatsala pamtetete.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika. Mayi akaona madontho akuda amene amabwera ndi msinkhu, mnzake amamunong'oneza za kachubu kochotsa zonse m'sabata ziŵiri. Poyamba nkhope imaŵaladi, ndipo msampha wake ndi umenewo. Ambiri mwa mafutaŵa ali ndi mankhwala amphamvu a m'gulu la steroid, amene adokotala amapereka kwa masiku oŵerengeka pa matenda odziŵika. Akamadzoledwa miyezi yambiri, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabuka, ndipo tsiku limene mwasiya nkhope imayaka ngati yapakidwa tsabola. Ena ali ndi hydroquinone. Mu 1975 madokotala a ku South Africa analemba za amayi amene mankhwalaŵa anaŵadetsa masaya kuposa kale, kuda kwake kovuta kuchiza, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa kuŵaika m'mafuta odzola. Enanso ali ndi mercury, amene amaloŵa m'thupi nkuwononga impso, monga zinaonekera mwa amayi a ku Nairobi mu 1972. Ndalama ya mchere ikupita kogula matenda!

Ngati mwadzola mafuta otere kwa nthaŵi yaitali, musachite manyazi. Tengani chubucho mukaŵaonetse achipatala kuti akuuzeni kasiyidwe kake. Mafuta ena alionse achilendo yambani mwaŵayesa kuseri kwa khutu kwa masiku angapo.

Komabe si zonse za pakhungu zimene zimatha ndi Vaseline. Chigamba chotuŵa chimene sichimva mukachikhudza chikhoza kukhala khate, lomwe limachizika ndipo mankhwala ake ngaulere. Khungu lakuda lothetheka pakhosi, kumaso ndi kunja kwa manja, pamodzi ndi kutsekula m'mimba, limasonyeza kuti nsima ikudyedwa yopanda ndiwo zokwanira monga nsinjiro, nyemba ndi usipa. Zimenezi, kudzanso chilonda chosapola, bwerani nazo kuchipatala msanga.