Wolofensi ikatalika, ba neba apumira kuti?

Mukakwera basi ya ku Chongwe, penyani pa windo mukangodutsa mphambano ya ku eyapoti kulowera ku Silverest. Nyumba simuziona bwino, muona chabe mipanda ya mabuloko.

Bambo wina kumeneko anaberedwa kawiri, basi anawonjezera mabuloko pamwamba mpaka mpanda unalingana ndi denga. Manje amai a puloti yoyandikana nayo akudandaula. Ati dzuwa silifikanso pa repu yawo, ndipo galimoto ikamatuluka pa geti, woyendetsa saona ana odutsa mumsewu.

Onse awiri ali ndi mfundo. Akawalala alikodi, koma mpanda uli ndi nkhope ziwiri, ndipo inayo imayang'ana kwa mnzako.

Vuto n'lakuti malo ambiri kuno anali minda ya Asoli, m'dziko la Mfumu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo anasanduka mapuloti mofulumira. Ogula ena amaganiza kuti ukalipira, chilichonse n'chako, ngakhale mphepo ya ba neba. Koma lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna chilolezo munthu asanamange, ndipo chomangidwa popanda chilolezo chikhoza kugwetsedwa.

Ndiye ngati mufuna mpanda wautali kuposa anzanu, yambani mwagogoda kwa ba neba. Kenako tengani pulani yanu kukhonsolo ya Chongwe, mufunse utali wololedwa, mufotokoze chifukwa chanu, yankho likhale papepala. Simenti yadula, abale. Kuigula kawiri, poyamba yomangira, kachiwiri yokonzera zogumulidwa, n'kudzilanga wekha.